Galimoto Ikaima Ndi Yanga

Latifu anali wa kabaza pa Boma la Nkhotakota, ndipo umphawi wake sunkafuna wokulozera. Njinga yake inali yokalamba, chishalo chomanga ndi mphira, kasiponji ka pakaliyala kataphwa mpaka pachitsulo, moti amayi ovala bwino akamuona ankayang'ana kumbali n'kukodola mnzake. Ankakhala kumudzi kwa Malengachanzi, kutali ndi tala, m'nyumba yaudzu yodontha ngodya zonse, pamodzi ndi mkazi wake Kulusumu ndi mwana wawo wamkazi, Bushra. M'mawa uliwonse ankalawirira ku Boma, madzulo n'kubwerako miyendo ili njenjenje, atangopeza zogulira kamulu ka usipa ndi mchere.

Njala anali ataizolowera. Chimene chinkamudya mumtima chinali Abdulhamid, mnzake amene anakulira naye limodzi, amene ankakhala naye pamphasa imodzi ku madrasa. Abdulhamid tsopano anali ndi minibasi yoyenda pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa. Akamupitirira pamsewu ankamuimbira hutala n'kutulutsa dzanja pawindo ngati moni, fumbi lonse n'kuthera m'maso mwa Latifu.

"Kodi ine ndinamulakwira chiyani Mulungu?" ankatero akafika kunyumba.

"Musamatero, bambo a Bushra," Kulusumu ankamuyankha. "Liziki lathu, gawo limene Mulungu anatikonzera, likubwera. Sambani, mudye."

Chaka china m'dzinja, Kulusumu ali ndi pakati, matenda anamuyamba m'mawa mvula ikugwa, masiku ake asanakwane. Latifu anathamangira kwa Abdulhamid, amene nyumba yake inali m'mbali mwa tala ndipo minibasi inali ikadali pakhomo.

"Achimwene, ndithandizeni. Mlamu wanu zamuvuta. Tifike naye kuchipatala."

Abdulhamid anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ananso kanjira kopita kwa Latifu. "Matope amenewa ndikalowetsako galimoto akaitulutse ndani? Fika naye pano pa tala, undipeza."

Latifu anabwerera, anamukweza mkazi wake panjinga n'kumakankha m'matope, dzanja limodzi pahandulo, lina kumsana kwa mkaziyo. Pofika pa tala anapeza minibasi itapita kale, itadzaza anthu a ku Dwangwa. Mwana anabadwira panjira, pansi pa mtengo wa mango, amayi ena odutsa atatchinga ndi zitenje zawo. Anali wamwamuna. Sanalire.

Kuyambira tsiku limenelo Latifu analeka kumufunsa Mulungu mafunso. Kumzikiti ankapitabe, koma ankangogwada ndi kudzuka anzake akamatero, pakamwa palibe mawu.

Tsiku lina ananyamula munthu wina wogula nsomba kuchokera ku doko. Munthuyo, pomva mmene Latifu ankapumira pachitunda, anaseka.

"Upalasa mpaka liti, mphwanga? Anzako a magalimotowa ukuyesa ndi thukuta lokha? Pita ku Liwaladzi, ukapatuke kulowera kumapiri, ukafunse kwa a Chande. Koma ukapite mtima utauma."

Sabata yomweyo Latifu anamuuza mkazi wake kuti akukaona munda wa mpunga umene wina ankafuna kubwereketsa, n'kulunjika kumpoto.

Pakhomo pa a Chande panali posesa bwino, nyumba yamalata, maluwa m'zitini. Koma atakhala pansi Latifu anaona kuti china chake chinkasowa. Panalibe khitchini, panalibe mafuwa, panalibe ngakhale dothi lakuda pomwe panayakapo moto. Mwini khomo, bambo wochepa thupi wovala shati yoyera yomanga mabatani mpaka m'khosi, anali pampando akutafuna chinangwa chachiwisi.

"Wabwera pa njinga," anatero a Chande moni asanaperekedwe. "Ukufuna uzidzayenda pa chiyani?"

"Ndikufuna galimoto, bambo. Osati imodzi. Munthu wa m'nyumba mwanga asadzafenso chifukwa chosowa chokwera."

"Onse okhala pamene wakhalapo amayamba ndi mawu okoma ngati amenewo." A Chande analavula kamtsitsi ka chinangwa. "Ine sindipempha mayi ako kapena mwana wako, monga amachitira anzanga ena. Ine ndimangogawana nawe."

"Tigawana bwanji?"

A Chande analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansupa kakuda. Atachotsa chotsekera, Latifu anasuzumira n'kubweza mutu msanga. Mkatimo munali khala lamoto, lofiira psu, lopanda utsi, koma nsupayo sinkapsa.

"Khala ili linayatsidwa iwe usanabadwe. Limabweretsa, koma limamvanso njala. Tamvera bwino. Galimoto ikamayenda ndi yako, pamodzi ndi zonse zimene ikukubweretsera. Ikaima, injini itazima, ndi yanga. Sinditenga zonse, ine si wadyera. Mwa apo ndi apo moto udzabuka pa imodzi. Tsiku limenelo usadzathire madzi, usadzathire mchenga. Manja ako adzakhale kumbuyo. Chimene chidzapezeke mkatimo ndi changa."

Latifu anafunsa kuti, "Nanga mutapezeka munthu?"

A Chande anaseka mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. "M'galimoto yoima mumakhala ndani? Anthu akafika amatsika. Iwe ukulirira zitsulo usanakhale nazo?"

"Nanga nditazimitsa?"

"Ukauchotsa moto pachakudya chake, umatembenukira kwa amene wauchotsayo."

Latifu anayang'ana njinga yake imene anaiyedzamiritsa pamtengo. Anakumbukira zitenje zija pansi pa mango. Mumtima anati, n'zitsulo chabe izi, zimagulidwa. Anatambasula manja, ndipo a Chande anamutema mphini m'zikhato, anapala khala lija ndi nsonga ya mpeni n'kupaka mwaye wake m'mabalamo. Kenako anamupatsa nsupayo kuti akaikwirire pamalo pamene galimoto zake zizidzagona.

"Ndikupatseni chiyani, bambo?"

"Usavutike. Ndizikadya komweko."

Chuma sichinabwere ngati chozizwitsa. Chinabwera ngati mwayi wamba, wotsatizana mosalekeza. Munthu wina anamutuma kukagulitsa matumba a usipa ku Kasungu kuti adzagawane phindu, ndipo anakafika tsiku limene mumsika munalibe nsomba ina iliyonse. Anagula mpunga nthawi yokolola, mtengo wake n'kukwera asanautulutse m'nyumba. Anagula njinga yamoto, kenako kagalimoto konyamula anthu a ku Salima, kenako minibasi, kenako malole. Anamanga nyumba pa Boma, yampanda wa njerwa ndi bwalo lalikulu logonekapo magalimoto, ndipo pakati pa bwalolo anakwirirapo nsupa ija. Anthu anayamba kumutchula kuti bwana. Abdulhamid, amene minibasi yake inali itakhala pamiyala, anabwera kudzapempha udalaivala. Latifu anamusiya ataima pageti mpaka dzuwa linamuwotcha, n'kumutumizira mawu akuti malo kulibe.

Kulusumu sanaberekenso. Bushra anakula yekha m'nyumba yaikuluyo, mtsikana woseka msanga, wokonda kuimba akamatsuka mbale, ndipo bambo wake sankamukaniza kanthu.

Moto woyamba unabuka masana, Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti. Minibasi yake yakale kwambiri inali itaima pa depoti, mulibe munthu, dalaivala atapita kukadya. Utsi unayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, ndipo posakhalitsa mipando inali lawilawi. Anyamata oitanira anathamanga ndi ndowa. Latifu anafika n'kuima chapatali, manja kumbuyo.

"Isiyeni, mungapse nayo," anawauza. Anthu anati bwana uyu ndi wachifundo, amaganizira miyoyo ya anthu kuposa katundu.

Eston, makanika amene ankakonza magalimoto ake onse, munthu wokonda kulankhula, anatokosa m'chigobacho ndi waya n'kupukusa mutu.

"Bwana, si ufiti uwu. Dalaivala wanu analumikiza wailesi yekha, anatenga moto ku batire osaika fiyuzi. Waya wakhala ukukhuzika pachitsulo mpaka wasupuka. Batire sigona, bwana, ngakhale mutachotsa kiyi. Mawaya akakhudzana, basi."

Latifu anasangalala kumva mawu amenewo. Anawabwereza kwa aliyense womupepesa, mpaka anatsala pang'ono kuwakhulupirira. Chaka chisanathe, pamalo pa minibasi yopsayo panaima zatsopano.

Moto wachiwiri unabwera patapita zaka, Idi itayandikira. Lole inali itabwera ndi mbuzi zoti akagulitse pamsika, ndipo inaima pabwalo la kunyumba kudikira kuti dzuwa lipepe. Moto unayambira ku injini n'kugwira udzu umene anayala kumbuyo. Mbuzi zinali zomangirira. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu, kulira kofanana ndi kwa ana. Oyandikana nawo anadumpha mpanda, koma anachedwa. Latifu anaima pakhonde, manja kumbuyo, zikhato zikumuyabwa.

Eston ananena kuti makoswe anamanga chisa pafupi ndi injini n'kutafuna mawaya, ndiponso paipi ya mafuta inali ikudontha kuyambira kale. Anaonetsa ndi timafupa ta khoswe.

Koma madzulo ake Kulusumu anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"Bambo a Bushra, mgolo wa madzi unali pambali panu pomwe. Bwanji simunatunge ngakhale ndowa imodzi?"

"Mutu unangondiima."

"Sindinaonepo munthu woima mutu ataika manja kumbuyo ngati akuyendera munda."

Latifu anadzuka n'kutuluka panja. Fungo la mbuzi zopsa linakhala pabwalopo mpaka mvula yoyamba.

Moto wachitatu unabwera m'nyengo imene mafuta ankasowa, magalimoto akugona pamizere. Madalaivala ankayenda ndi zigubu za petulo kuseri kwa mipando. Swaibu, dalaivala wake wokhulupirika, bambo wa ana aang'onoang'ono, anafika kuchokera ku Lilongwe atatopa, anaimika galimoto pabwalo, ndipo podikira kuti bwana amalize kudya anatsamira pampando n'kugona, foni ili pa chaja. Latifu anamva kuphulika, anatuluka akadatafuna, n'kuona munthu akumenya galasi ndi zigongono mkati mwa malawi.

Mapazi ake anafuna kuthamanga. Zikhato zinatentha ngati wagwira mbaula. Anaima.

Anali Eston ndi mlonda amene anathyola chitseko n'kumukoka Swaibu. Anakhala moyo, koma zala zake zinapindika osawongokanso, ndipo nkhope yake ana ake omwe ankaiopa. Eston anafotokoza za chigubu chosatseka bwino, za mpweya wa petulo wodzadza m'galimoto yotsekedwa padzuwa, za kachaja kotsika mtengo kothetheka. Ulendo uno anafotokoza akuyang'ana pansi. Latifu analipira chipatala, anawamangira nyumba, ankawatumizira ufa mwezi ndi mwezi. Mkazi wa Swaibu ankalandira zonsezo ndi manja awiri, koma sanathokozepo.

Ndiye Latifu anabwerera ku Liwaladzi. Anapeza a Chande pampando womwe uja. Anali atanenepa, shati yoyera ikuwathina pamimba.

"Munati m'galimoto yoima simukhala munthu."

"Ndinakufunsa funso, sindinakulonjeze kanthu. Ndiponso dalaivala uja anzako anamulanda m'kamwa mwa moto. Motowo walawa chabe. Ukudziwa mmene amachitira mwana akalawa nyama koyamba?"

Latifu anagwada, munthu amene anali atazolowera kugwadiridwa. "Bambo, ndachita mantha. Tithetse zimenezi."

"Njira ilipo, ndipo ndi yapafupi. Pita ukatsitse anthu ndi katundu m'magalimoto ako onse, uwaike pamodzi pabwalo, uwasiye apse tsiku limodzi. Ukatero ufukule nsupa yanga, ubwere nayo kuno pa njinga. Nyumba idzapita, ndalama zidzapita. Udzapalasa kabaza mpaka miyendo idzakane. Koma munthu sadzapsanso."

Latifu anaganiza za denga lodontha, za amayi oyang'ana kumbali, za Abdulhamid akuimba hutala. Anaganiza za Bushra, amene tsopano anali ku sekondale yogonera komweko, atabwerera kukatunga madzi kudambo.

"Ndikaganize kaye," anatero.

"Kaganize," anayankha a Chande, akusenda chinangwa china. "Onse amakaganiza."

Pobwerera, m'njira monse Latifu ankadziuza kuti moto uliwonse unali ndi choyambitsa chake, monga ananenera Eston. Ndiye ngati atatseka njira zonse, moto udzalowera pati? Atafika anaika malamulo. Galimoto ikafika pabwalo, batire azichotsa. Zigubu za mafuta zisapezekenso m'galimoto. Mawaya onse Eston awaonenso n'kusintha okalamba. Udzu pabwalo anaupala mpaka dothi, anaweta amphaka, anagulira dalaivala aliyense chozimira moto. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti galimoto ikaima, aliyense atsike nthawi yomweyo. Dalaivala wina anachotsedwa ntchito chifukwa chodyera nsima m'lole. Bushra tsiku lina anatsalira m'galimoto kusaka ndolo yake, ndipo bambo wake, amene sanamukalipirepo chibadwire, anamukoka pamkono mpaka kumusiyira zipsera za zala.

"Ababa, mwandipweteka! N'chiyani kodi?"

"Ukafika uzitsika. Wamva? Ngakhale mvula ikugwa, uzitsika."

Zaka zinadutsa popanda moto. Chuma chinapitirira kukula. Latifu anayamba kugona tulo, n'kumadziuza kuti wamuposa nzeru mdala wa ku Liwaladzi. Za kufukula nsupa sanaziganizenso.

Bushra atamaliza maphunziro a unamwino anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Dwangwa, mnyamata wofatsa. Latifu anati ukwati umenewu Nkhotakota yonse idzaukamba. Anaitanitsa galimoto yatsopano yoyera, yotseka zitseko ndi magetsi, yoti idzanyamule mwana wake. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, mphepo youma ikuwomba kuchokera kumtunda. Shehe atamanga ukwati, mdipiti wa magalimoto unazungulira Boma lonse, mahutala akulira, mpaka kukafika kubwalo lina lalikulu kufupi ndi nyanja kumene anakhoma matenti a madyerero.

Oitanidwa anachuluka kuposa mmene ankayembekezera, moti malo amene anapala oimikapo magalimoto anadzaza. Dalaivala wa mkwatibwi anaimika chakumbali, pa udzu wautali wouma, n'kuzimitsa injini. Mkwati anatsika kukapereka moni kwa amalume ake. Bushra anagwira chitseko kuti atsike naye, koma azakhali ake anamuletsa.

"Iwe, mkwatibwi amatsika yekha ngati akupita kumsika? Khala pomwepo, tikaitane amayi adzakutsitse ndi nyimbo."

Anatseka chitseko n'kupita. Dalaivala naye anapita kukafuna madzi akumwa.

Latifu anali kutsogolo kwa tenti, atazunguliridwa ndi amalonda anzake omuyamikira. Zikhato zinayamba kumuyabwa. Anasisita pa mkanjo wake, kuyabwa osaleka. Atatembenuka anaona utsi woonda ukutuluka pansi pa galimoto yoyera, ndi udzu ukuthetheka mozungulira matayala. Kuseri kwa galasi anaona nsalu yoyera ikugwedezeka, ndi dzanja lopaka utoto wa hina likukoka chogwirira chitseko. Chitseko sichinkatseguka. Moto unali utafika kale ku mawaya.

Manja a Latifu anapita kumbuyo okha, monga anazolowera. Anaima. Sanaime nthawi yaitali, mwina yongokwanira kupuma kangapo, koma anaima, ndipo mphepo sinaime. Malawi anakwera m'mbali mwa galimoto n'kugwira maliboni.

"Ababa!"

Mawuwo anamumasula. Anathamanga, nsapato zikuvuka, anatola mwala n'kuswa galasi, analowetsa mikono m'moto n'kumukoka mwana wake kudzera pawindo. Diresi linali likuyaka. Anamugwetsa pansi, anamukwirira ndi mchenga wa m'manja, anavula mkanjo wake n'kumufunditsa, akukuwa kuti madzi, madzi. Amayi amene ankabwera ndi nyimbo anafika nyimboyo ili pakamwa, n'kusanduka maliro.

Kuchipatala anayesetsa. Bushra anatsegula maso m'mawa mwake, anaona bambo wake ali pambali pa bedi mikono yokulunga mabandeji, ndipo analankhula motsitsa kwambiri moti anachita kuweramira.

"Ababa, musandikalipire. Ndimafuna kutsika. Anati ndidikire nyimbo."

Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita. Anamuika tsiku lomwelo, ndipo mpunga umene unatsala paukwati ndi umene anadya anthu a pamaliro.

Eston anabwera kudzapepesa, misozi ili mbwembwembwe, koma pakamwa sanathe kutseka. "Ekizozi inali yotentha, bwana, galimoto itazungulira Boma lonse. Ukaimika pa udzu wouma, udzu umakhudza chitsulo chija. Zimachitika, bwana. Ndikanakhala pafupi ndikanamuuza mnyamata uja kuti asaime pamenepo." Apolisi nawonso analemba kuti inali ngozi.

Anthu a pamaliro atabalalika, Kulusumu anamanga katundu wake m'chitenje chimodzi. Sanatenge chilichonse chogulidwa ndi chuma cha m'nyumbamo. Anamupeza mwamuna wake atakhala pakhonde.

"Ndinakuonani," anatero. "Munaima kaye."

"Mayi a Bushra, ndinathamanga. Taonani mikono yangayi."

"Munathamanga, inde. Koma munaima kaye, manja kumbuyo, monga tsiku la mbuzi, monga tsiku la Swaibu. Sindikufunsani kumene munapita, kapena chimene munalonjeza. Mwana wanga wamwamuna uja anafera panjira chifukwa tinalibe galimoto, ndipo ndinati ndi chifuniro cha Mulungu, mtima unakhala pansi. Uyu ndinena kuti ndi chifuniro cha ndani?"

Latifu anayang'ana mabandeji a m'mikono mwake.

"Musanditchulenso mayi a Bushra," anatero Kulusumu. Anasenza katundu wake, anatuluka pageti kudutsa pakati pa malole, n'kukodola wa kabaza kuti amutengere kwawo kwa Malengachanzi.

Tsiku lomwelo Latifu anatenga khasu, mabandeji ali m'mikono, n'kukumba pakati pa bwalo. Tsopano anali wokonzeka kutentha zonse, kubweza nsupa pa njinga, kupalasa mpaka imfa. Anaipeza nsupayo ili bwinobwino. Atachotsa chotsekera anasuzumira. Munali mozizira, mopanda kanthu. Khala munalibe.

Pomwepo anamva kutentha pansi pa chifuwa, kwakung'ono, ngati wameza tiyi wamoto. Anamwa madzi, sikunaleke. Madokotala anamuyeza osapeza kanthu. Usiku ndi usana kutenthako kunkakula, mpaka anayamba kuvula malaya pamaso pa anthu, n'kumathamangira kunyanja kukakhala m'madzi ofika m'khosi, asodzi akumuyang'ana. Madalaivala anathawa mmodzimmodzi. Anthu anakana kukwera minibasi zake, akuti ndi zamoto. Magalimoto anaima pabwalo mpaka matayala anaphwa, ena achibale anagulitsa, ena anaphwasulidwa ndi akuba. Nyumba inagulidwa ndi munthu wa ku Lilongwe, amene mpaka lero sanapeze woti achite lendi.

Latifu akadali moyo. Mukafika pa depoti ya Nkhotakota mudzaona bambo wa imvi, wopanda malaya, mikono ya zipsera, atanyamula chitini cha mchenga. Sapempha ndalama ndipo samenya munthu. Amangoyenda kuchoka pa galimoto ina kupita pa ina, ndipo akaona munthu atakhala m'galimoto yoima amagogoda pagalasi mwaulemu.

"Tsikani, mayi. Chonde tsikani. Musadikire nyimbo."

Alendo amaseka kapena kutseka mawindo. Eni dera saseka. Ena amatsika ndithu, kuti mtima wake ukhale pansi, ndipo iye amawathokoza n'kupita pa galimoto yotsatira. Madzulo mayi wina wogulitsa mandasi amamusiyira chakudya pa khonde la sitolo, koma sadya chikadali chotentha.

A pa Boma amatsutsanabe za nkhaniyi. Ena amati Eston ananena zoona, moto uliwonse unali ndi choyambitsa chake: waya wosupuka, khoswe, chigubu cha petulo, udzu wouma. Ena amati zonsezo zinali zitseko chabe, wolowa anali mmodzi. Koma onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti Latifu anapatsidwa mpata wotaya chuma n'kupulumutsa anthu, ndipo anasankha kukaganiza kaye. Umphawi umawawa, ndipo palibe amene angamuseke munthu wofuna kuuthawa. Koma chuma cha mankhwala chimalipiridwa ndi chinthu chimene sunatchule pa tsiku la pangano, ndipo wochipereka amadziwa kale chimene umachikonda koposa. Dyera limamuuza munthu kuti ataya zitsulo zokha. Mukamva mtima ukukutumani njira yachidule yopezera chuma, yang'anani kaye anthu amene mumadya nawo m'mbale imodzi, chifukwa mtengo wake udzachokera pa iwowo.